Kirimu Kapena Aivori, Amake Tadala Asanafike

Lolemba

Akubwera! Amake Tadala akubwera Lamulungu!

Amalume a Zuze, ankhoswe anga, andipeza ku ofesi m'mawa uno asanafike n'kwawo komwe, fumbi la ku Nsanje lidakali m'nsapato. Akuti mlandu watha. A Lampiyao, ankhoswe a kuchikazi, adzawaperekeza okha Lamulungu masana, pamodzi ndi mwana ndi katundu. Ndawagwira dzanja amalume mpaka achita kundiuza kuti ndiwasiye. Mtima wanga wakhala uli m'malere chichokereni mayiwa, koma lero wakhala pansi. Masana ndadya chipisi ku msika wa Blantyre n'kumva kuti muli mchere.

Lamulo ndi limodzi: foni ayi. "Mpaka Lamulungu, chilichonse chidzere kwa ife," atero a Zuze. A Lampiyao akuti mafoni ndi amene amadzutsa milandu yogona. Ndavomera. Akanati ndiyende chokwawa kuchokera ku Nancholi mpaka m'tauni ndikanavomeranso.

Chimene chinawachotsa sindifuna kuchibwereza. Giyabokosi ya galimoto singagone panja ku Nancholi kuno, aliyense akudziwa. Ndinaiika pabalaza, n'kuifunditsa nsalu bwinobwino. Si ine ndinaitana amayi a kumpingo tsiku limenelo, ndipo si ine ndinauza amayi a pampando kuti akhalire pamenepo ndi yunifomu yoyera. Koma zatha, zatha.

Ndili ndi pulani. Adzapeze pabalaza popenta. Akhala akudandaula za makoma amenewa kuyambira kalekale. Tsiku lina tili pa mzere ku banki m'tauni anandikoka mkono n'kuloza khoma: "Mtundu uwu, bambo a Tadala, ndi umene ndikufuna kwathu." Ndinayang'ana. Linali khoma la kirimu.

Zochita:
- giyabokosi ipite kwa makaniko ku Ginnery Corner
- matayala a kuseri kwa sofa nawonso
- kupeza wopenta
- kugula penti wa kirimu
- kumeta

Madzulo. Ndatsikira ku Limbe, shopu ya penti. Ndanena mwachimuna kuti ndikufuna kirimu. Wogulitsa wanditambasulira khadi ya mitundu, waika chala pa kabokosi kena, kenako pa kanzake koyandikana nako. Aka kirimu, aka aivori. Ndamuuza kuti ndi kamodzi komweko, angosindikiza kawiri. Waseka. "Koma ngati munauona ku banki, bwana, m'mabanki amakonda aivori." Ndatuluka ndi khadi yokha m'thumba.

Lachiwiri

Giyabokosi yapita. Anyamata oinyamula asiya mzere wa oyilo kuchokera pabalaza mpaka ku geti. Ndakolopa. Pabalaza pakula, munthu ungathe kuvinapo utse.

Khadi ija ndaiyang'ana m'minibasi, ndaiyang'ana pa desiki, ndaiyang'ana kuchimbudzi kumene kuli getsi lowala kwambiri. Ndikatsinzina diso limodzi, kirimu akuoneka wachikasu pang'ono. Ndikatsinzina linalo, wachikasu ndi aivori.

Masana ndapita ku banki ija. Nzeru! Kungoika khadi pa khoma n'kuona lofanana nalo, basi. Ndalowa, ndayenda molunjika pa malo pomwe tinaima. Khoma ndi la buluu. Anapentanso, osauza munthu.

Ndaona pansi penipeni, kuseri kwa chozimitsira moto, kachidutswa komwe burashi sinafike. Ndagwada, khadi m'manja. Ndikudzutsa mutu, mlonda waima pamwamba panga. "Achimwene, mukuyeza chiyani pa khoma la banki?" Mzere wonse watembenuka. Ndafotokoza za amake Tadala, za ankhoswe, za Lamulungu. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako wagwada nayenso, wayang'ana kachidutswako, wayang'ana khadi. "Ndi fumbi ili," watero. Wandiperekeza mpaka pa khomo mwaulemu. Ndathokoza Mulungu kuti ndagona kunyumba osati ku polisi.

Madzulo ndabwerera ku Limbe. Ndagula tizitini tiwiri toyesera ndi kaburashi. Ndapaka zigamba ziwiri pa khoma la kumpoto, kumanzere kirimu, kumanja aivori. Ndakhala pa sofa kudikira kuti ziume.

Zimene ndapeza:
- zikakhala zonyowa, n'zofanana
- zikauma, n'zofanana
- ukaima pa khomo, chakumanzere n'chokongola
- ukaima pa windo, chakumanja
- magetsi akazima, zonse n'zabwino

Sindikudandaula. Lamulungu lidakali kutali, ndipo vuto langa lalikulu padziko lapansi ndi penti. Mwezi wathawu ndikanalipira kuti ndikhale ndi vuto ngati limeneli.

Lachitatu

Safunsa anadya phula. Mwini wake wa mtundu alipo, ali moyo, ali ku Nsanje. Kungoti foni ayi. Ndiye ndaimbira a Zuze, monga mwa lamulo, kuti afunse a Lampiyao, kuti afunse amake Tadala: kirimu kapena aivori?

Amalume ayankha: "Funso limeneli silifunsidwa ngati mtengo wa tomato. Ndiliyala bwino." Ndawapempha kuti asaliyale kwambiri, angofunsa. Akuti iwo anayamba unkhoswe ine ndisanamere mano.

Wopenta ndamupeza. Che Amidu a ku Ndirande, munthu wofatsa, ovololo yake ili ndi mitundu yonse ya m'Blantyre. Ayang'ana zigamba zanga, apendeketsa mutu. "Zonse n'zabwino, bwana. Inu mungonena." Ndawafunsa kuti iwo akanasankha uti. Akuti kwawo anapaka laimu ndipo akazi awo sanachokepo. Ayamba kupala makoma ndi kutseka ming'alu. Sofa, tebulo ndi kabati tatulutsa pakhonde.

Aneba athu, Mayi Dinyero, atulukira pa mpanda. "Mukusamuka?" Ayi, tikupenta. "Ooh. Kupenta." Anena mawuwa pang'onopang'ono ngati akulawa ndiwo.

Ku ofesi ndaonetsa khadi kwa aliyense. Amuna onse akuti ndi mtundu umodzi. Mayi Mbewe a ku resepishoni angoponya diso: "Iii, n'zosiyana kutalitali! Koma pa khadi simungaone, mpaka pa khoma." Mutu umodzi susenza denga. Ndawapempha kuti tikaweruka adzaone khoma, popeza amakhala ku Manase, njira ndi yomweyi.

Abwera. Aima pakati pa balaza, manja m'chiuno. Aloza uku, aloza uko. Aivori, mosakayika. Akuti makatani nawonso achoke, ndi akale. Akuti kabati isabwerere pomwe inali. Asuzumira kukhitchini, apukusa mutu. Potuluka aseka kwambiri pa geti, chifukwa Mayi Mbewe amaseka chilichonse. Ndawaperekeza ku siteji.

Pobwera ndapeza Mayi Dinyero akuthirira maluwa omwe anathirira kale m'mawa. Ndawapatsa moni. Ayankha mokoma kwambiri.

Aivori! Nkhani yatha. Ndapuma.

Lachinayi

Ndagula bigiri ya aivori m'mamawa, kabaza waibweretsa. Ndili m'minibasi yopita ku ntchito ndakumbuka kuti amene anakoka mkono wanga ku banki si Mayi Mbewe. Pa Ginnery Corner ndaimbira Che Amidu kuti asatsegule kaye. Masana ndagulanso bigiri ya kirimu, kuti yankho la ku Nsanje likafika lipeze zonse zilipo.

Yankho lafika. Labwera ndi a Zuze, wapansi, atavala jekete. Amalume akavala jekete pakati pa sabata ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Akana mpando. Akuti funso analiyala bwino lomwe dzulo, ndipo a Lampiyao anati aganizire. Ataganizira, abweza mafunso awo. Akuti pa moyo wawo wonse aona mwamuna akupenta nyumba mkazi palibe pa zifukwa zitatu zokha:
- akuigulitsa
- akuika alendi
- akulowetsamo wina

Akufuna kudziwa kuti mwa zitatuzi changa n'chiti.

Ndaseka. A Zuze sanaseke. Akuti funsolo linali la dzulo masana. Lero m'mawa a Lampiyao aimbanso, yankho alipeza okha. Mng'ono wawo wa Mayi Dinyero amagulitsa nsomba ku Bangula, ndipo nsomba zake amagula ndi akazi a Lampiyao. Ku Nsanje konse akudziwa kuti katundu wa amake Tadala ali pakhonde, ndipo mayi wina wonenepa bwino, wa nsapato zazitali, wayendera nyumba yonse mpaka kukhitchini, wasankha penti, walamula kuti makatani achoke, watuluka akuseka.

Choipa n'chakuti palibe bodza ngakhale limodzi pamenepa.

"Za Lamulungu ziyambe zaima," atero a Zuze. "Mphwanga, unatani kodi? Ife tikuzimitsa moto, iwe ukuthira parafini?" Ndafotokoza. Andifunsa kuti mitundu iwiriyo ndi iti. Ndawaonetsa zigamba. Avala magalasi, ayandikira, abwerera m'mbuyo. Avula magalasi. "Banja likutha chifukwa cha ichi?"

Apita osamwa tiyi. Ndakhala pa bigiri ya kirimu, mapazi pa bigiri ya aivori. Walira mvula walira matope.

Lachisanu

Ndapempha tchuthi. Sindingathe kudutsa pa resepishoni. Mayi Mbewe amva, ndipo atumiza uthenga kuti ali okonzeka kuimbira amake Tadala kuti afotokoze okha, mkazi kwa mkazi mnzake. Ndawachonderera m'dzina la Mulungu kuti asayerekeze.

Ndapita kwa Mayi Dinyero. "Ine ndinangonena zimene maso anaona, bambo a Tadala. Kapena simunatulutse kabati?" Ndinatulutsa. "Kapena mayiyo sanalowe kukhitchini?" Analowa. Andipatsa nthochi ziwiri, akuti ndikuoneka wowonda.

Foni ndaigwira kambirimbiri. Ndalemba uthenga, ndafufuta. Ndalembanso, ndafufutanso. Ndikaswa lamulo la a Lampiyao ndiye kuti ndawonjezera mlandu pa mlandu. Ndikapanda kuswa, mkazi wanga ali ku Nsanje akuganiza kuti makatani amene anasoka yekha ndawataya chifukwa cha munthu wina. Ndikuopa. Ndilembe poyera pano popeza palibe adzawerenge: ndikuopa kuti sabweranso, ndipo Tadala adzakula akundidziwira pa foni.

A Zuze akuti akuyesetsa. Akuti a Lampiyao akufuna nthumwi yawo idzaone nyumba kaye, mwina sabata ya mawa, mwina mwezi ukatha.

Che Amidu adikira m'mawa wonse, rola m'manja. "Bwana, ine nthawi ya Juma ikakwana ndikupita ku mzikiti. Nditsegule iti?" Ndati kirimu. Atsegula. Ndati dikirani. Adikira. Ndati aivori mwina. Ayang'ana kudenga, apempha chipiriro kwa Mwini wake. Mapeto ake ndati makoma awiri kirimu, awiri aivori, mwini nyumba adzasankhe yekha ngati adzabwere.

Apaka mofulumira, asamba m'manja, apita. Ndalowa kukaona. Balaza lawala bwino kwambiri. Ndazungulira kufuna kuona pomwe kirimu wathera ndi pomwe aivori wayambira. Sindikupapeza.

Kumeta sindinamete.

Loweruka

Abwera! Abwera okha!

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa, Che Amidu asanafike, ndakwera pa mpando kupaka m'mphepete mwa denga. Kabudula wong'ambika, malaya ndavula, penti m'tsitsi ndi m'ndevu. Ndamva geti. Sindinatembenuke, ndimayesa Che Amidu. Kenako fungo la mafuta awo odzola.

Amake Tadala. Pa khomo. Chitenje chomanga kolimba m'chiuno, kachikwama kakang'ono m'khwapa, opanda mwana, opanda katundu, opanda a Lampiyao. Akwera minibasi yoyamba ya ku Nsanje, atsika pa siteji yathu pa msewu wa Chikwawa. Moni sanapereke.

"Ali kuti?"

Sanadikire yankho. Kuchipinda. Ndamva wadirobu ikutseguka, madirowa akukokedwa. Chipinda cha Tadala. Kubafa, komwe aona mswachi umodzi ndi kasopo kotha. Kukhitchini akhalitsako, ndipo ndamva chivundikiro cha poto chikutsegulidwa n'kutsekedwa msanga. Atuluka nkhope itasintha pang'ono. "Muno simunalowe mkazi wokhala," atero. Mapoto anga andiombola. Sindinaganizepo kuti nyemba za Lachiwiri zingandichitire umboni.

Ndikadali pa mpando, ndafotokoza zonse mosaona kutsogolo. Limbe, khadi, tizitini, a Zuze. Nditafika pa banki andidula. "Banki iti?" Ndawakumbutsa za mzere uja, mmene anandikokera mkono. Andifunsa motsitsa mawu: "Mukukumbukira zimene zija?" Ayang'ana kumbali, akonza mpango womwe unali bwinobwino. Ine ndayang'ana rola.

Sizinakhalitse. "Ndiye munaitana mkazi wina kuti adzasankhe mtundu wa nyumba yanga?" Ndati mutu umodzi... "Musandiuze za mitu. Anasankha uti?"

Aivori.

"Tipaka kirimu."

Basi! Sabata yathunthu ya kusagona, mabigiri awiri, mlonda wa banki, ankhoswe a mbali ziwiri. Iwo mpweya umodzi. Ndafunsa ngati kirimu ndi umene unali ku banki. Akuti zimenezo zilibenso ntchito.

Che Amidu afika, aona mayi, avula chipewa, amwetulira mpaka m'makutu. Amake Tadala aloza makoma awiri a aivori osaphonya: ili ndi ilo. Che Amidu avomera kuti ndi omwewo. Ine ndayang'anitsitsa mpaka misozi. Makatani abwerera pa mawindo penti asanaume n'komwe.

Masana a Zuze athamangira kuno, jekete m'manja. Asangalala, kenako akwiya. Akuti munthu amene sanaperekedwe ndi ankhoswe sanafike, ngakhale tikumuona ndi maso. Aimbira a Lampiyao, omwe amafunafuna mphwawo m'mudzi monse kuyambira m'mawa. Akambirana nthawi yaitali kuseri kwa nyumba, Chisena chokhachokha. Chigamulo: za Lamulungu zibwerere m'malo, koma lero amake Tadala sagona muno.

Akagona kwa Mayi Dinyero. Panopa ndikuwamva kuseri kwa mpanda, awiriwo akuseka. Ndikudziwa amene akusekedwa. Ndisekeni, amayi, ndisekeni ndithu. Kuseka kumeneko ndinakusowa.

Lamulungu

Tachita zonse mwa mwambo. A Lampiyao atsika minibasi masana ndi Tadala ndi katundu. Amake Tadala atuluka kwa Mayi Dinyero, ayenda mpaka ku siteji, atembenuka, abwera pambuyo pa amalume awo ngati munthu wochokera kutali. Nancholi yense ali pa mipanda. Ine ndawalandira pa geti ndi nkhope yodabwa, monga anandilangizira a Zuze.

Tadala wandithamangira, wandigwira ndevu. "Adadi, mwakalamba." Ndi penti, mwanawe. Watalika. Dzino lakutsogolo linachoka ine kulibe.

Takhala pakhonde popeza mipando idakali komweko. A Lampiyao alankhula nthawi yaitali za kupirira, za magalimoto, za kuipa kochita zinthu mwamseri ngakhale zili zabwino. A Zuze ayankha nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ine ndangoti takhuta, takhuta, kuthokoza m'Chisena, m'manja ndikuomba. Pomaliza a Lampiyao apempha kuona penti amene wavutitsa anthu maboma atatu. Alowa, manja kumbuyo, azungulira. "Ndi woyera," atero, n'kutuluka.

Mmene zinthu zilili madzulo ano:
- sofa ili pakhonde, nkhuku za aneba zaiyesa kale
- bigiri ya aivori yatsala yoposa theka, shopu silandira yotsegula
- kabati ibwerera pomwe inali, ndendende
- ku ofesi ndizilowera khomo la kumbuyo mpaka zitaiwalika

Alendo atapita, amake Tadala aima pakati pa balaza, atsinzina pang'ono. Akuti khoma la kumadzulo likuonekerabe aivori pansi pake, likufunika kupakanso. Che Amidu analumbira dzulo kuti adutsapo kawiri. Ine ndikuona khoma. Ndafunsa kuti la kumadzulo ndi liti kwenikweni, poyambira pati. Andiyang'ana momwe amandiyang'anira. Ndati chabwino, ndipaka onse anayi Loweruka likubwerali, ndipo akadzati aivori akuonekabe ndidzapakanso.

Ndavomereza kuti mitundu iwiriyi sindidzaisiyanitsa mpaka kufa. Ndakhala pansi pa simenti, msana kutali ndi khoma, mutu ukupweteka ndi fungo la penti. Kuchipinda akundikalipira chifukwa cha mmene ndinapindira mabulangete. Akukalipa uku akutsegula sutikesi, ndipo ndikumva mahang'ala akulira m'wadirobu, imodzi imodzi.